Timibulu Tachikasu ndi Lumo la Azakhali

Chaka chimene ndidabereka mwana wanga woyamba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndidadwala matenda amene mkazi sankawatchula pagulu. Kwathu, kumadzulo kwa Namitete, tinkawatcha mauka. Lero ndakalamba, manyazi adachoka limodzi ndi mano, choncho ndinena monga momwe zidalili. Kumusi kunkandiyabwa ngati ndakhalira chitedze, kunkatuluka zoyera zolimba ngati chambiko, ndipo pokodza ndinkachita kuluma mlomo. Kumunda ndinkati ndikapalira mizere iwiri, n'kuthamangira kuseri kwa chulu. Kutchalitchi ndiye kudali kozunza zedi, chifukwa munthu sungakande pamaso pa amayi achikulire a mumpingo, ndipo mkulu amene ankatilalikira sankadziwa kumaliza msanga.

Zidayamba motere. Mwana ali ndi miyezi itatu, bere langa lakumanzere lidatupa n'kuchita mafinya. Pamsika pankabwera bambo wina wa njinga amene ankati adaphunzira kubaya jakisoni kunkhondo. Adandibaya penisilini kasanu, bere lidaphwa, ndipo tonse tidamutama. Patangopita sabata imodzi kuyabwa kudayamba. Palibe amene adaganiza kuti ziwirizi n'zapachibale.

Ndikadapirira ndekha mwakachetechete, koma mwana naye adadwala. Thupi lidatentha, m'kamwa mudachita zoyera, bere ankangoligwira n'kulisiya akulira. Amayi adamuyang'ana m'kamwa, adandiyang'ana ine mmene ndinkafinyikira pamphasa, ndipo sadafunsenso zambiri.

"Iwe, ukutibisira chiyani? Amenewa ndi mauka. Ukupha mwana ndiwe."

Kwathu ankakhulupirira kuti mkazi wa mauka amamera tinthu m'njira yake, ndipo tinthu timeneto ndi timene timatenthetsa thupi la mwana woyamwa. Mankhwala ake adali amodzi okha, kudula tinthuto ndi lumo. Ife tidali anthu a tchalitchi, atate ankatsogolera nyimbo Lamulungu lililonse, koma pa nkhani ya mauka wa tchalitchi ndi wakunja ankagona pa mphasa imodzi. Wodula adali azakhali anga, alongo awo a atate, amene ankakhala cha ku Kabudula. Adali mayi wamtali, wosaseka wambawamba, ndipo midzi yambiri inkawaitana pa ntchito imeneyi.

Lumo limenelo ndinkalidziwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo azakhali adadula akulu anga, ndipo wotunga madzi tsiku limenelo ndidali ine. Ndidamva mmene adakuwira ngakhale adawalumitsa nsalu. Ndidaona madzi a m'phale atafiira, ndidakataya, ndidatunga ena, nawonso adafiira. Akulu anga adagona mwezi wathunthu. Tsono amayi adatumiza uthenga ku Kabudula. Yankho lidabwera lakuti azakhali ali kalikiliki kuwokera fodya poti mvula idali itagwa bwino, koma afika Loweruka la sabata yachiwiri. Ndidawerenga pa zala, masiku adali khumi ndi atatu.

Amuna anga adali mkamwini pamudzi pathu, munthu wofatsa ngati nkhunda. Iwo ndi amayi ankathawana monga mwa mwambo wa apongozi. Akakumana panjira, amuna anga ankalowa m'udzu, amayi n'kutembenukira kwina, moni n'kupatsana chakumbuyo. Nkhani ya mauka sidali yoti mwamuna aimve, komabe ine pakamwa panga sipadakhalepo ndi chitseko chibadwire. Ndidawauza tili kumunda. Adaima, adatsamira khasu, adaganiza nthawi yaitali.

"Amake mwana, tiyeni tipite naye mwanayu kuchipatala cha mishoni. Za mwana palibe angatikanize. Tikakafika kumeneko mukanene zanuzo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Amayi adang'ung'udza pang'ono, poti chipatalacho chidali cha Aroma ndipo ife tidali a mpingo wa Dachi, koma mdzukulu adali wawo. Lolemba m'mamawa tidanyamuka pa njinga, ine pakaliyala mwana ali kumsana. Matope adali osasimbika. Pena tinkakwera, pena tinkakankha, ndipo paliponse pamene tayala lagunda mwala ine ndinkaona nyenyezi masana.

Kuchipatala tidapeza anamwino, mayi wamfupi wonenepa wa cha ku Nambuma, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Mwana adamuyeza, adati kutentha thupi ndi malungo a udzudzu, adamumwetsa mankhwala, m'kamwa n'kumupaka mankhwala ofiirira aja amene anthu amati jivi. Atamaliza adandiyang'anitsitsa.

"Nanga inu mayi, pabenchipo pali linthumbu? Chifikireni simudakhazikike."

Ndidayang'ana pansi. Adati, "Manyazi adapha lambe. Lowani kuseri kwa nsaluko." Adandiona, adatengako zoyera zija pang'ono n'kupaka pa kagalasi, adatuluka nako, ndipo adabwera akumwetulira. Adati ndili ndi mwayi, chifukwa mwezi wapitawo asisitere adalandira bokosi lochokera kunja, m'menemo mudali mankhwala atsopano a matenda omwewa. Kale ankangopaka jivi yemwe uja, nsalu n'kuthimbirira, mudzi wonse n'kudziwa kuti uje adapita kuchipatala chifukwa chiyani. Adandipatsa kaenvulopu. Nditasuzumiramo ndidaona timibulu tachikasu khumi ndi tinayi, totalikirapo pang'ono, ngati nthanga za dzungu.

Kunena zoona ndidakhumudwa. Masiku amenewo mankhwala enieni adali jakisoni, ndipo munthu wobwera kuchipatala osabayidwa tinkati wangotaya ulendo. Ndidati, "Anamwino, bwanji mungondibaya?" Adaseka mpaka kugwira m'chiuno. Adati, "Jakisoni ndiye wakubweretserani zimenezi. Mverani. Timeneti si takumwa. Muzisamba m'manja, muziika kamodzi mkati, kutali ndithu, pogona. Kamodzi pa tsiku mpaka tonse tithe. Ngakhale kuyabwa kuleke, musasiye." Ndidagwedeza mutu ngati ndamva zonse. Mawu otsirizawo adalowera khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa mumtima ndinkati tinthu tochepa chonchi sitingalimbane ndi mauka.

Lachiwiri padalibe kusintha. Lachitatu ndidaona ngati pang'ono. Lachinayi ndidadzuka, ndidasesa pakhomo, ndidasenza mtsuko kupita kuchitsime, ndipo ndili pakati panjira ndidaima chilili. Chinachake chidali chitasowa. Ndidadzimvetsera bwinobwino. Kuyabwa kulibe! Ndidayenda mapazi khumi, kulibe. Ndidanjuta, ndidadzuka, ndidalumpha kamtsinje, kulibe ndithu. Abale inu, chimwemwe chimene ndidamva m'mawa umenewo sindidachimve ngakhale pa tsiku la ukwati wanga. Ndidatula mtsuko pansi n'kuvina ndekha pakati pa chimanga, mkazi wamkulu wa mwana, kopanda ng'oma. Pobwerera ndidapeza mwana akulirira bere, ndipo adayamwa mpaka kugona nalo m'kamwa.

Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lomwelo pamtondo ndidaulula zonse. Ndidasinja ngati anthu awiri, uku ndikusimba za timibulu tanga, mtundu wake, kuchepa kwake, ndi mphamvu yake. Ndidakokomezanso mwina ndi mwina, poti nkhani yokoma siyenda yopanda mchere. Azimayi adasiya misi n'kundizungulira. Ndidadabwa kuona kuti maso ambiri sadali a anthu ongomvera nkhani. Adali maso a anthu odziwa chitedze chimenechi.

Oyamba kubwera adali akulu anga. Adakhala pakhonde, adanyamula mwana, adayamba nkhani ya nkhuku, kenaka adanong'ona kuti chidulireni kuyabwa sikudathe, kumangopita n'kubweranso. Ndikadawamana bwanji? Ndidawapatsa tiwiri. Madzulo kudabwera mwana wa amayi aang'ono, amene adali ndi pakati, akuti wadzapala moto, pamene utsi unkafuka bwinobwino kunyumba kwake. Mawa lake wina adadzapempha mchere, wina sefa, wina adangoti wadzaona mwana. Aliyense potuluka adali atafumbata kambulu kakeko.

Muyenera kumvetsa mmene tinkakhalira. Pamudzi pathu chinthu cholowa m'nyumba imodzi chidali cha mbumba yonse. Singano inkayenda nyumba zisanu, mchere unkagawidwa pa tsamba, nyama ya mbuzi inkafika ndi kwa wodwala yemwe. Kupatsa n'kuika, ndimo tidakulira. Mkazi womana dzina limenelo ankafa nalo, ndipo pa tsiku lake lobereka anzake ankabwera mokoka miyendo. Tsono mankhwala ochiza chinthu chimene chikuzunza m'bale wako, iwe utachira kale, ungawasunge pansi pa mphasa? Komanso ndisaname, zinkandikomera. Ndinkakhala pampando ngati dokotala, n'kumalangiza anthu ondiposa msinkhu kuti asambe m'manja. Pofika Lamulungu kaenvulopu kadali pululu. Ine ndidagwiritsa ntchito tisanu ndi kamodzi, tisanu ndi titatu tidapita ndi abale.

Ndidauza amayi kuti atumize uthenga ku Kabudula, azakhali asavutike ndi ulendo. Amayi adati, "Akadzabwera adzaona okha. Mauka amabisala." Ndidaseka chamumtima, ndikuti adzaona chiyani poti ndachira.

Lachitatu ndili kumunda chitedze chija chidabwerera, ndipo chidabwera ndi abale ake. Ndidataya khasu, ndidakhala pamzere n'kulira mokweza ngati kamwana. Kudatsala masiku atatu okha kuti lumo lifike. Kuwonjezera apo, amene ndidawagawira aja adayamba kudandaula kuti mankhwala anga ngofooka, angowanyengerera tsiku limodzi basi. Amuna anga sadandidzudzule. Adangopita kukapopa matayala a njinga.

Lachinayi tidafikanso kuchipatala. Anamwino atamva zimene ndidachita, mawu awo adadzaza chipinda chonse.

"Mwagawa? Mwagawa ngati mtedza wokazinga? Mayi inu, mutuwu mumangosenzera mtsuko eti? Mankhwala awoloka nyanja kudzafika kuno, inu n'kukawamwaza m'mudzi kamodzikamodzi!"

Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo ndidayankha kuti iwowo kwawo ku Nambuma akadawamana akulu awo? Adandiyang'ana, adapumira m'mwamba, ndipo adati, "Bwerani kuno. Munthu wamakani ngati inu amamva ndi maso." Adanditengera m'kachipinda kena momwe mudali makina oonera tizilombo, chinthu chakuda chachitsulo chokhala ndi kagalasi kamene kankatenga kuwala pawindo. Adapakanso zoyera zanga pa kagalasi, adadonthezera madzi ena ake, adapotokola apa ndi apo, n'kundiuza kuti nditsinzine diso limodzi.

Poyamba ndidangoona nsidze zanga. Kenaka, mayo ine, dziko lina lidatseguka. Mudali timaulusi tambirimbiri topiringizana, tokhala ndi nthambi, ndipo m'mbali mwake mudali timibulu tozungulira, tina tikuphuka tinzake. Ndidakuwa, ndidachotsa diso, ndidayang'ana kagalasi kaja ndi maso angawa, padalibe kanthu koma kadontho. Ndidasuzumiranso, zonse zidalipo. Ndidafunsa ngati zimenezi zachokeradi mwa ine. Ndidafunsa ngati zili ndi moyo, ngati zimaona, ngati zimaluma. Mantha onse a Loweruka ndidayamba ndawaiwala, ndipo anamwino adachita kundikoka kuti ndichokepo.

"Chimenecho ndi chuku," adatero. "Inu alimi a fodya chuku mumachidziwa. Chimamera pa tsamba m'chigafa kukakhala chinyontho ndi kutentha. Ichi n'cha mtundu wake, chimakonda thupi la munthu. Mkazi aliyense ali nacho pang'ono, koma m'njira mwathumo mumakhalanso tizilombo tabwino timene timachiletsa kuchuluka. Penisilini wanu uja adapha tizilombo ta m'bere, n'kupheratu ndi alonda omwe. Chuku penisilini sachiopa, ndiye chidatsala chokha m'munda wopanda mwini. Mimba nayo imachichulukitsa. Cha m'kamwa mwa mwana wanu n'chomwechi, koma kutentha thupi kuja kudali kwa udzudzu, osati kwa inu."

Mawu otsirizawo ndidawapempha kuti abwereze. Masabata awiri ndidayenda ndi mawu a amayi akuti ndikupha mwana, ndipo apa munthu ankandichotsera katundu ameneyo ngati akuchotsa kachitsotso pa nsalu.

Adapitiriza kuti timibulu tachikasu timapha chuku pokhapokha tikachikhudza. Munthu akameza, mankhwalawo amangodutsa m'matumbo osalowa m'magazi, n'chifukwa chake amaikidwa pomwe pali matenda. Masiku atatu oyamba amapha cha pamwamba, kuyabwa n'kuleka, koma timaulusi tina timakhala titalowerera m'makwinya a mnofu. Ukasiyira pomwepo, timaphukanso. Kambulu kamodzi kapena tiwiri n'kungochisereula chuku. Adandiuzanso zimene adamva kwa asisitere, kuti mankhwalawo amachokera ku kachilombo kena kokhala m'dothi, kamene azimayi awiri ophunzira a kutsidya kwa nyanja adakapeza m'dothi la pafamu ya ng'ombe. Ndidaseka mpaka misozi. Ife ndi makola athu onsewa, mankhwala tinkangowaponda ndi mapazi!

Mmene mankhwalawo amaphera chukucho ndidadzamva patapita zaka zambiri, kwa mdzukulu wanga wina amene adaphunzira unamwino. Dzina la mankhwalawo akuti nisitatini. Akuti khungu la chuku lili ndi mafuta a mtundu wina amene mnofu wa munthu ulibe. Mankhwalawa amakakamira pa mafuta amenewo n'kuboola timabowo, zam'kati mwa chuku n'kumatayika ngati madzi m'chipanda chobooka, mpaka chife. Mnofu wathu amangoudutsa poti alibe pogwira. Koma tsiku lija kuchipatala funso langa lidali limodzi. Ndidati, "Nanga tinthu timene amadula tija?" Anamwino adati, "Umenewo ndi mnofu wanu, mkazi aliyense wobereka ali nawo. Lumo lingadule zimene mwaona m'galasimu?"

Adapita kukalankhula ndi asisitere, ndipo adabwera ndi kaenvulopu kena. Ndidatambasula manja awiri, koma iwo adakabisa kumbuyo. Adati m'chitini mwatsala ochepa, ndipo ine sangandikhulupirirenso. Adasuzumira panja n'kuitana amuna anga, amene adalowa chipewa chili m'manja, maso ali padenga.

"Achimwene, inu ndinu mkamwini pamudzipo, eti? Chabwino. Mankhwala awa musunge ndinu. Muziwapatsa kamodzi pa tsiku. Ndione mkazi amene adzapite kwa mkamwini kukapempha mankhwala a kumusi. Ofuna abwere okha kuno."

Nzeru zimenezo! Ndidaomba m'manja. Amuna anga adaika timibulu m'kachitini kouma, kachitini m'thumba la jekete, jekete n'kukapachika m'chigafa mwawo. Lachisanu opala moto aja adayambanso kufika, poti adamva kuti ndabwera ndi ena. Ndinkawalandira ndi nkhope yachisoni. "Pepani, ali ndi atate ake mwana. Ali m'chigafamo, kapempheni." Wina adagwira pakamwa, wina adathawa akuseka, wina adanditukwana pang'ono. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adayandikira chigafacho, ndipo palibe amene akadanditcha womana.

Koma Loweruka lidafika ndithu. Ndidali nditaika timibulu tiwiri tokha, kuyabwa kudachepa koma kudalipo, ndipo kufiira kudali kosabisika. Azakhali adatulukira dzuwa litangokwera, kamtolo kali pamutu. Amuna onse adauzidwa kuti apite kumunda. M'nyumba ya amayi adayala mphasa, adaika phale la madzi, azakhali adamasula kansanza n'kutulutsa lumo. Akulu anga adauzidwa kuti adzagwire miyendo, ndipo sankandiyang'ana kumaso.

Ndidagwada. Ndidati, "Azakhali, ndipatseni masiku khumi ndi awiri. Ndikapanda kuchira mudzandidule, sindidzalira." Amayi adandikalipira kuti ndikuchititsa manyazi mtundu, mwana wachira mwamwayi chabe, adzadwalanso. Ine ndidakweza mawu, amayi adakweza kuposa ine. Azakhali adangokweza dzanja.

"Tulukani nonse. Ndimuone ndekha."

Chitseko chitatsekedwa adandiona mosafulumira, kenaka adandifunditsa nsalu n'kukhala pansi pafupi nane. Lumo lidali pamphasa pakati pathu.

"Akuti udachira masiku angapo."

"Eya, azakhali."

"Kuchira kwenikweni? Osayabwa ndi pang'ono pomwe?"

Apo pakamwa panga padatseguka. Ndidawasimbira za timaulusi ta m'galasi, za chuku, za alonda amene jakisoni adapha, za dothi la ng'ombe, zonse mosokonekera, manja akuthandiza. Ndidawauza kuti kudabwereranso chifukwa ndidagawa mankhwala, ndipo atsopanowa akusunga ndi amuna anga. Adamvetsera osaphethira. Nditatha, adayang'ana kuchitseko, adasendera pafupi, ndipo mawu awo adatsika mpaka ndidachita kutchera khutu.

"Mwana wa mlongo wanga, inenso chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri chiyambire kuyabwa komweku. Andidula katatu mobisa. Ndaikamo mizu yonse imene ndimaidziwa. Usiku sindigona. Ndinganene kwa yani, poti wodula ndine? Ukatenge tiwiri kwa amuna ako, iwe sangakukanize. Ukandipatsa, ndituluka ndikanene kuti palibe chodula."

Chisoni chidandigwira, chifukwa mayi amene midzi inkamuopa adali kundipempha ngati mwana. Mantha nawo adandigwira, poti lumo lidali pomwepo, ndipo njira yolithawira adali atandiyalira. Timibulu tiwiri tokha. Apa chigafa cha amuna anga sichikadanditeteza, kukana kapena kulola kudali kwanga. Chibadwire ndidali ndisanamane munthu wamkulu kanthu, ngakhale madzi.

"Azakhali, sindikupatsani."

Nkhope yawo idauma.

"Tiwiri sitingakuchizeni. Tingokunamizani masiku awiri, ndipo ine tidzandiperewera. Tonse tidzakhala tikukanda mpaka kukalamba. Ngati mundidula, ndiduleni, koma mankhwala sindigawanso. Lolemba tipite limodzi, mukalandire anuanu okwanira. Ndikakuperekezani ndine, palibe adzadziwe."

Kunja ndinkamva nkhuku zikupalasa ndi amayi akutsokomola pafupi ndi chitseko. Azakhali adatambasula dzanja n'kutola lumo. Ndidatsinzina, ndidaluma nsalu. Nditaona kuti palibe chikuchitika ndidatsegula diso limodzi, ndipo ndidawapeza akulikulunga m'kansanza kake, pang'onopang'ono, n'kumanga mfundo ziwiri. Adadzuka, adatsegula chitseko.

"Mwanayu sindimudula. Tayani madziwo. Ine ndigona konkuno mpaka Lolemba, miyendo yatopa."

Amayi adafuna kufunsa, koma azakhali sadali munthu womufunsa kawiri. Ine ndidatsala pamphasa ndikuseka, ndikulira, zonse nthawi imodzi. Lumo limenelo silidandikhudze tsiku limenelo kapena lina lililonse. Timibulu tanga ndidamaliza tonse, kamodzi pa tsiku kuchokera m'manja mwa amuna anga, ndipo kuyabwa kudatheratu.

Koma Lolemba lija tidapita wapansi, ine ndi azakhali, mwana ali kumsana. Aliyense wokumana naye panjira ankagwada kuwapatsa moni, ndipo iwo ankayankha mwaulemu wawo kuti akuperekeza mdzukulu kuchipatala. Ine ndinkangolongolola njira yonse, kuwauza kuti akapemphe kusuzumira m'galasi muja. Tidakhala pabenchi, anamwino adandiona, adaona azakhali, ndipo kwa nthawi yoyamba adalankhula motsitsa mawu. Adati, "Amayi, lowani kuseri kwa nsaluko."

Azakhali adaimirira, adayenda mapazi awiri, adabwerera n'kundigwira pamkono.

"Iwe, kodi zimapweteka?"

"Iyayi, azakhali. Sizipweteka ndi pang'ono pomwe."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, maso atadzaza misozi.

"Nanga ana onse aja ndinkawadulira chiyani?"

Adandisiya mkono, adakonza mpango kumutu, ndipo adalowa.